Chigubu Choyamba Si Chako

Mayi ake a Alick anaikidwa m'manda popanda nyimbo.

Inu amene mukufuna mawu okulimbikitsani, tiyambire pamenepa, chifukwa ndi pamene mnyamatayu anayambira. Unali mwezi wa Januwale, chaka chija kolera inavuta, m'mudzi wina wa kuseri kwa Nambuma. Mayi akewo, a Imelda, anadwala m'mawa, ndipo tsiku lotsatira dzuwa lisanalowe anali atatisiya.

Mtembo unabwera kuchokera kuchipatala uli m'pulasitiki. Anautsitsira m'dzenje ndi anthu ovala majombo, akupopera kolorini uku ndi uku. Panalibe kugona pasiwa, panalibe kusambitsa, panalibe kuona nkhope. Amayi a kwaya, amene mayi Imelda anaimba nawo pa maliro a mudzi wonse, anaima patali kumsewu atatseka mphuno ndi zitenje.

Alick anali m'chaka chachiwiri pa koleji ina ya zaulimi ku Lilongwe. Bambo ake anamwalira iye akukwawa, ndipo sukuluyo inkayenda chifukwa cha munda wa mtedza wa mayi akewo. Atawaika, sanabwererenso. Mabuku anawalonga m'katoni pansi pa bedi, mbewa n'kuyamba kuwawerenga.

Anthu ankayembekeza kuti alira. Sanalire. Chimene chinamugwira ndi mantha.

Ankasamba m'manja mpaka zala zinang'ambika. Moni wa padzanja anasiya. M'thumba la buluku ankayenda ndi mapaketi a mankhwala obwezera madzi m'thupi, ngakhale popita kuchimbudzi. M'mimba mukangolira pang'ono, ankakhala pansi pa khonde, thukuta kamukamu, n'kuyamba kudikira imfa.

Kuseri kwa mzere wa mitengo ya bulugama, kumalire a mudziwo, kunali esiteti ya fodya. Matenanti ake anali ochokera ku Phalombe ndi ku Mulanje. Masiku ochepa asanadwale, mayi Imelda anapita kumeneko kukathandiza mwana wodwala, dzina lake Ivy, mwana wa mayi wina wotchedwa Enelesi. Mwanayo anachira. Wom'thandizayo anapita.

Mudzi sunafune umboni wina. Komiti ya mjigo inakumana, n'kugwirizana kuti matenanti asatungenso madzi pamenepo. Anagula tcheni ndi loko. Wapampando, a Harold, amene analinso mtsogoleri wa mphakati wa akatolika m'mudzimo, anakweza m'mwamba kiyi ya lokoyo.

"Asunge ndi Alick," anatero. "Nyumba yake ndi yoyandikira, komanso iyeyu sangawamvere chisoni."

Alick anali munthu wophunzira. Ankadziwa bwino lomwe kuti munthu ukam'tsekera mjigo sasiya kumwa madzi, amangotsikira kudambo, ndipo kudamboko ndiye kumene matendawo amagona. Ankadziwa. Koma kiyi itagwera m'dzanja lake, mumtima anamva kukoma.

Nyengo ya Lenti inafika, masiku amene akhristu amasala, kupemphera ndi kuthandiza osowa pokonzekera Pasaka. Lachitatu la Phulusa, mayi Eunice, mnzawo wa ponda apa nane mpondepo wa malemuwo, anam'kokera Alick kutchalitchi. Anaima pamzere. Atayandikira kutsogolo anaona chala cha a katekisiti chikuchoka pamphumi pa uyu n'kupita pamphumi pa uyo, chala chimodzi chomwecho kwa anthu onse. Anatuluka pamzere n'kukaima panja.

Mayi Eunice anamutsatira.

"Nanga chaka chino usala chiyani, mwanawe?"

"Ndisalenso chiyani, mayi? Amayi ndinasala. Sukulu ndinasala. Auzeni a kumwambawo kuti ine ndinayamba Lenti mu Januwale."

Mayiwo sanamudzudzule. Anangoyang'ana pansi.

"Amako akanakhalapo, bwenzi lero atayamba chigubu chawo chija."

Alick anachoka osatsazika, koma mawuwo anamutsatira mpaka kunyumba. Mayi ake anali ndi mwambo wawowawo. Chaka chilichonse m'nyengo ya Lenti, chigubu choyamba chimene ankatunga pa mjigo sichinkalowa m'nyumba mwawo. Ankasankha khomo limodzi n'kumakatula kumeneko mpaka Pasaka. Chaka china anali agogo osaona, chaka china mayi wa khanda. Chaka chinanso anasankha mzimayi amene anawatukwana chifukwa cha mbuzi.

Ali mwana, Alick ankanyinyirika, poti ndiye ankachedwa kusamba.

"Mwananga, ukasala kudya koma ufa n'kutsala m'thumba mwako, sunasale, wasunga," ankatero mayi ake. "Chimene wadzimana chizikafika pakhomo pa mnzako. Chigubu choyamba si chako."

M'mawa mwake, akutsegula loko, anaona munthu ataima patali, chidebe chili m'manja, kamtsikana katam'gwira chitenje. Anali Enelesi ndi Ivy.

"Imani pomwepo!" anakuwa Alick.

"Ndaima, achimwene. Sindiyandikira." Enelesi anagwada pa udzu wonyowa. "Ndithandizeni chidebe chimodzi chokha, cha mwanayu."

"Mwanayu ndi amene anandidyera amayi."

"Ndikudziwa. Mukamatitukwana sindiyankha. Koma nanenso ndinaika amuna anga sabata yomweyo, kuseri kwa zigafa za fodya. Opanda nyimbonso. Ndatsala kuno kuti ndimalize fodya wawo." Anapukuta mphuno ya mwanayo ndi nsonga ya chitenje. "Mayi anu atabwera sanandifunse kwathu. Anangofunsa kuti mwana ali pati."

"Komiti inakana," anatero Alick, n'kutembenuka.

Koma anawaona akutsetsereka kudambo. Mvula inali itagwa usiku, madzi a m'chitsime anali ofiira ngati thobwa, m'mbali mwake muli mapondero a ng'ombe. Anaona kamtsikana kaja kakugwada, kakukunga manja, kakumwa.

Tsiku limenelo sanadye. Sikunali kusala. Chakudya chinkakana kutsika.

Kutacha anatenga chigubu chachikasu cha mayi ake, nachidzaza, nachisenza mpaka pa mitengo ya bulugama. Anachiika pansi, naimba likhweru, n'kuthawa. Kunyumba anasamba kolorini mpaka mikono inayabwa.

Musaganize kuti chinali chikondi. Anali mantha enanso, oopa kudzamva kuti mwana uja wafa kiyi ili m'thumba mwake.

Tsiku lotsatira anapeza chigubu chopanda kanthu chitaikidwa pamalo pomwepo. Anachinyamula ndi mtengo, ngati njoka yakufa, n'kukachiviika m'mankhwala. Anasiya chodzaza china. Zinayenda choncho. Tsiku lina pambali pa chigubu anapeza minkhaka yabwino itakulungidwa m'masamba. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakaponyera nkhumba.

Njira ya ku bulugama inkamuopsa, choncho anayamba kuyenda ndi kolona ya mayi ake. Mapemphero ankawatchula ngati munthu woimba mluzu podutsa pamanda, kuti angomva mawu ake. Lachisanu ankadumpha chakudya cha masana, ufa wake n'kuumanga m'jumbo n'kukausiya pamwamba pa chigubu. Sankamva kuyera kulikonse. Ankangomva njala ndi mantha.

M'mudzi mulibe chinsinsi cha pa mjigo. Amayi anaona, a Harold anamva.

"Iwe Alick, tinakupatsa kiyi kuti utiteteze, osati uziyenda nayo kwa obwera," anatero a Harold atam'peza pakhomo.

"Sakufika pa mjigo, a tcheya. Ndikungowasiyira kumalire."

"Ine ndili ndi zidzukulu m'nyumba muja. Ukatibweretsera matendawa, dzenje lako udzakumba wekha. Wandimva?"

Anawamva. Usiku umenewo analota pulasitiki. Koma m'mawa anapitanso.

Lachisanu lina, Lenti ili pakati, anafika pa bulugama n'kupeza chigubu cha dzulo chili chodzaza. Jumbo ya ufa inali m'manja mwake, chigubu chatsopano paphewa. Cha dzulocho chinali chisanasunthe, nyerere zikuzungulira pa chivindikiro.

Anaimba likhweru. Zii. Anaimbanso.

Alick anadziwa tanthauzo lake, ndipo anachita zimene ambirife tikanachita. Anabwerera kunyumba n'kudzitsekera.

Anadziuza kuti mwina apita kumunda m'mamawa. Anadziuza kuti ali ndi anzawo kumeneko. Anadziuza kuti iye wachita mbali yake, kuposa mudzi wonse. Dzuwa linakwera, linafika pamutu, linayamba kupendeka. Kenako anakumbukira mmene matendawa anathamangira mwa mayi ake, kuti m'mawa ankalankhula, madzulo maso anali atalowa. Anadzuka, natenga jumbo ya ufa ija ndi chigubu.

Aka kanali koyamba kudutsa mitengo ija. Tinyumba ta matenanti tinali pamzere, taudzu, zitseko zotseka. Anthu onse anali kumunda kukathyola fodya. Pakhomo limodzi panakhala Ivy atakumbatira mawondo.

"Amayi sakudzuka," anatero.

Alick anasuzumira. Fungo linam'landira, ndipo analidziwa. Linali lomwe lija la m'chipinda cha mayi ake. Enelesi anagona pamkeka wonyowa, masaya atalowa, milomo itauma. Pakona panali chidebe cha madzi ofiira a kudambo.

"Madzi ndimakubweretserani aja?" anafunsa Alick.

"Ndimagawira ana a pamzere pano," Enelesi anayankha monong'ona. "Chigubu chimodzi sichikwana. Akuluakulufe timamwa omwewa." Anayesa kudzutsa mutu koma unakana. "Musandigwire, achimwene. Mungotenga mwanayu."

Alick anathamangira kuseri kwa nyumba n'kusanza. Anagwira khoma. Basi zayamba, anaganiza choncho, ndafa. Anadikira kuti m'mimba mutsegule. Simunatsegule. Anali mantha okhaokha.

Anabwerera m'nyumbamo. Anakhuthula ufa uja m'mbale, jumbo n'kuivala kudzanja limodzi, ina anaitola pansi n'kuvala kwinako. Anatulutsa mapaketi aja amene ankadzisungira yekha, nasungunula imodzi m'botolo la madzi abwino, n'kuyamba kumumwetsa Enelesi pang'onopang'ono. Ambiri ankabwerera. Anaona kuti apa popanda chipatala palibe moyo.

Panjinga mayiyo sakanakhazikika. Ngolo m'mudzimo inali imodzi, ya a Harold.

Anam'bereka kumsana, nam'manga ndi chitenje. Anali wopepuka ngati mtolo wa mapesi, komabe atayenda pang'ono analemera. Msana wa Alick unanyowa, ndipo ankadziwa chimene chaunyowetsa. Analuma mano. Ivy ankabwera pambuyo atanyamula botolo la mankhwala aja.

Njira yopita kwa a Harold inkadutsa patchalitchi. Lachisanu masana akhristu amachita Njira ya Mtanda, kuyenda malo ndi malo pokumbukira masautso a Ambuye, ndipo pamenepo timitanda tinakhomedwa pa mitengo ya mango yozungulira bwalo. A Harold anali kutsogolo atanyamula mtanda wa matabwa. Anthu anali atagwada pa malo okumbukira munthu wongodutsa uja amene anagwidwa kuti athandize kusenza mtanda.

Mwana wina anatembenuka n'kukuwa. Pemphero linaduka pakati. Anthu anabalalika ngati nkhuku zaona mphamba, ena nsapato kuzisiya pomwepo.

"Iwe Alick! Wapenga?" anafuula a Harold. "Ukufuna utimalize tonse?"

"A tcheya, ndikupempha ngolo."

"Choka nayeni kuno!"

"Ndichoke naye ndipite kuti? Ine ndikuopa kuposa nonsenu. Taonani miyendo yangayi." Inkanjenjemeradi, aliyense ankaona. "Mtanda mwanyamulawo ngwamatabwa, a tcheya, mukauika pansi sufa. Uwu ndikauika pansi ufa."

Ivy anayamba kulira.

Kenako mayi Eunice anatuluka pagulu. Anapatsira mnzawo buku la nyimbo, namanga chitenje mwamphamvu m'chiuno.

"Pa maliro a Imelda ndinaima kumsewu," anatero. "Chiyambire tsiku limenelo sindigona. Lero sindiimanso kumsewu." Anatembenukira kwa a Harold. "Bambo inu, ngoloyo idzanyamula chimanga chokha mpaka liti?"

A Harold anayang'ana mtanda uli m'manja mwawo, nayang'ana anthu. Anautsamiritsa pa mtengo wa mango.

"Ngolo tengani. Ng'ombe ndimanga ndine, zimakana mlendo. Koma ine sindikwera. Ndiye mukaitsuke ngoloyo, mwamva?"

Sanakwere ndithu. Atafika pamsewu ng'ombe zinakanadi kumvera Alick, ndipo a Harold anazigwira chingwe n'kuyenda wapansi kutsogolo, akung'ung'udza njira yonse, mpaka kuchipatala. M'ngolomo mayi Eunice anaika mutu wa Enelesi pamiyendo pawo, akumumwetsa ndi chivindikiro cha botolo.

"Usagone, mwana wa eni. Tandiuza, kwanu ku Phalombe nandolo mumaphika bwanji? Yankha, iwe, usagone!"

Atafika, Alick anaona matenti a odwala kolera. Ndi momwemo mayi ake anamwalirira. Azaumoyo anathamanga ndi machira, nam'landira Enelesi, namwino akufunafuna mtsempha pa mkono wouma. Azaumoyowo anam'popera Alick mankhwala thupi lonse, malaya ake n'kuwaviika m'chidebe. Diripi itayamba kudontha, iye anangokhala pansi m'matope. Miyendo inali itamaliza ntchito yake.

Anabwerera ndi Ivy, amene anakagona kwa mayi Eunice. M'mawa mwake Alick anapita pa mjigo, namasula tcheni, natenga loko ndi kiyi kukatula pakhomo pa a Harold.

"Mundichotse mu mphakati, mundikane pa maliro, chitani zimene mungachite," anatero. "Koma tikawatsekera pano, tikuwatumiza kudambo, ndipo dambolo ndi lomwe lathu."

A Harold analandira lokoyo. Sanaibwezerenso.

Sikuti onse anakondwa. Mabanja ena anasiya kumupatsa moni. Ena anayamba kukatunga pa mjigo wa mudzi wina, kutali. Alick anaika chidebe cha madzi a kolorini pambali pa mjigo, n'kumakhala pomwepo m'mawa uliwonse kuti aliyense, wa m'mudzi kapena wa kuesiteti, asambe m'manja asanagwire mpini. Ankakhala akumvetsera m'mimba mwake, kudikira kuti matenda ayambe. Sabata inatha. Sanadwale. Mayi Eunice sanadwalenso.

Enelesi anatuluka m'chipatala atawonda, akuyenda ndi ndodo, koma wamoyo.

Pali china chimene sitingabise. M'sabata imene Enelesi anadwala, mwana wina wa pamzere wa matenanti anamwalira, kamnyamata kamene Alick sanakadziwe dzina. Loko ikanachoka msanga, mwina bwenzi kalipo. Chimenechi Alick amayenda nacho mpaka lero, ndipo palibe amene angam'chotsere.

Lolemba la pambuyo pa Pasaka, mayi Eunice anagogoda pakhomo pake.

"Vala malaya abwino. Tili ndi maliro oti timalize."

Kumanda anapeza amayi a kwaya atavala zitenje zofanana. Ulendo uno sanaime kumsewu. Anazungulira mtumbira wa mayi Imelda, n'kuimba nyimbo zonse zimene anayenera kuimba mu Januwale, imodzi ndi imodzi, osadumpha. A katekisiti anapemphera. A Harold anagwira chipewa pachifuwa. Enelesi anaima kumbuyo, Ivy ali pambali pake.

Atamaliza, Alick anati, "Pali ena sanaimbiridwe."

Anthu anayang'anana. Mayi Eunice ndiwo anayamba kuyenda. Gululo linadutsa mitengo ya bulugama, ena kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, mpaka kuseri kwa zigafa kumene kunali mitumbira iwiri yopanda mtanda, waukulu ndi waung'ono. Anaimbanso. Enelesi anagwa pamtumbira wa amuna ake n'kulira maliro amene anawasunga miyezi yonseyo.

Ndipo Alick, amene sanagwetse msozi tsiku loika mayi ake, analira pamanda a munthu amene sanamuonepo.

Chaka chomwecho mjigo uja unaonongeka chifukwa cha kuchuluka kwa otunga. Mmisiri amene anabwera kudzaukonza anaona mnyamata wofunsa mafunso ambiri, n'kumutenga kuti aziyenda naye. Lero Alick amakonza yekha mijigo, kuyambira ku Nambuma mpaka ku Kabudula, zitsulo atamanga pakaliyala wa njinga. Amadzidyetsa, ndipo nyumba ya mayi ake anaifolera malata. Ku koleji sanabwererebe. Mwina adzabwerera, mwina ayi. Mabuku ena mbewa zinawamaliza.

Mantha sanatheretu. M'manja amasambabe kuposa anthu ena, ndipo anzake amamuseka kuti adzamaliza sopo wa dziko lonse. Koma Lachitatu la Phulusa amaima pamzere mpaka kutsogolo, n'kupereka mphumi. Ndipo m'mudzi muja, Lenti ikafika, mudzaona amayi angapo, ngakhalenso abambo, akuchoka pa mjigo ndi chigubu cholowera kukhomo la eni.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso munaika wina m'manda popanda nyimbo. Mwina sukulu inakuthawani, mwina mumapemphera mawu akungogunda denga. Mwina muli ndi kiyi m'thumba, ndipo muli ndi chifukwa chomveka chosatsegulira.

Musadikire kuti mantha ayambe atha. Alick sanadikire kuti akhale wolimba mtima, sanadikirenso kuti akhululuke. Anayamba ndi chigubu chimodzi, kuchisiya patali n'kuthawa. Chikondi chinam'peza m'njira.

Lenti ino, pempherani ngakhale mawu akunjenjemera. Salani, koma chimene mwadzimana chikafike pakhomo pa mnzanu, makamaka khomo limene mukuliopalo. Miyendo ikanjenjemera, ilekeni injenjemere ikuyenda.

Osataya mtima. Mawa m'mawa tungani chigubu choyamba, ndipo mukumbukire kuti si chanu.